Mtengo wa nachesi ukungobereka minga, ndidule?

NaBanda_Lunzu
Moni nonse a pagulu. Mundithandize ndisanatenge chikwanje. Mu Disembala 2018 ndinagula mbande ya nachesi m'mbali mwa msewu, wogulitsayo anachita kulumbira kuti ndi yomezanitsa, pakangotha zaka 3 ndiyamba kuthyola. Ndinabzala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa. Pano mtengo waposa denga la khitchini, masamba ali biriwiri, koma duwa ndi limodzi lomwe sindinalionepo. Chimene ukubereka ndi minga basi, yaitali ngati chala, ana sangayandikeko n'komwe. Masamba anthete ali ndi timatuza ngati mwana wa katsabola. Manyowa a nkhuku ndimathira, yuriya ndimapatsako ikatsala ya chimanga. Bambo a kunyumba akuti tidule tibzalepo papaya. Ndalakwitsa pati ine?

Chatsalira
Khomanipo msomali wa 6 inchi pa tsinde. Agogo anga ankatero ndi mango, chaka chotsatira nthambi kuchita kuthyoka.

Joni_Boy
Kkkk a Chatsalira ayamba. Mtengo ukakana msomali muuopseze ndi nkhwangwa m'mamawa, umamva.

Chatsalira
Sekani, koma ine ndinaona ndi maso angawa.

Wa_Thambani
Mayi, musadule kaye. Ndili ndi mafunso. Thothoni tsamba limodzi, mulifikise m'manja, mununkhize. Likununkhira khoko la nachesi kapena ndimu? Kenako muone pansi pa tsinde, pamwamba pang'ono pa dothi, ngati pali chipsera kapena pokhota. Komanso mundiuze ngati mtengowu unathyokapo kapena kudyedwa ndi ziweto uli waung'ono.

NaBanda_Lunzu
Ndapita kukanunkhiza. Ndi ndimu yeniyeni bambo, mpaka mate kudzadza m'kamwa. Za ziwetozo mwalasa. Chilimwe cha 2019 mbuzi za aneba zinalowa, zinaudya mpaka kungotsala kachitsa. Ndinalira. Koma mvula itagwa unaphuka ndi mphamvu kuposa kale, ndiye ndinati Mulungu wandikumbukira.

Wa_Thambani
Pepani mayi. Nachesi wanu anapita ndi mbuzi mu 2019. Mwakhala mukulera ndimu.

Mphwanga77
Eee koma iyi nde nkhani. Zaka zonsezi kulera mwana wa eni.

Wa_Thambani
Ndifotokoze bwino kuti enanso amve, chifukwa izi zimagwera anthu ambiri. Mtengo womezanitsa ndi mitengo iwiri yolumikizidwa. Wapansi, umene uli ndi mizu, kawirikawiri amafesa kuchokera ku njere za mandimu aja a khungu lokhakhala, aakuluakulu a makwinya. Amausankha chifukwa umakula msanga, mizu yake imapita patali ndipo umapirira chilala. Mbandeyo ikafika kunenepa ngati pensulo, amang'amba khungwa n'kulowetsamo diso la nachesi, kapena kanthambi kake, n'kumanga ndi pulasitiki. Disolo likaphuka amadula mutu wa ndimu. Ndiye kuyambira pa chipseracho kupita kumwamba ndi nachesi, kupita pansi ndi ndimu.

Tsono ndimuyo sagonja. Moyo wake wonse amafuna kutulutsa mphukira zake m'munsi mwa chipsera, ndipo mphukirazo zimathamanga kuposa nachesi. Ukazilekerera zimalanda chakudya chonse, nachesi n'kufota pang'onopang'ono mwini wake akusangalala kuti mtengo wayamba kukula bwino. Kwa inu mbuzi zinangofulumizitsa ntchito. Zinadya mutu, ndimu n'kupeza ufumu. Minga yaitaliyo ndi chizindikiro cha mtengo wochokera ku njere umene sunakhwime.

Kwathu kuno ku Mwanza mwana aliyense woleredwa pansi pa manachesi amadziwa kuti mphukira ya m'munsi umaithyola ndi chala ikadali yanthete. Sudikira mpeni.

Mai_a_Tadala
Kapenanso sunali womezanitsa n'komwe. Ine anandigulitsapo mbande yofesa wamba, anangoicheka pang'ono n'kukulungapo pulasitiki kuti izioneka ngati yalumikizidwa. Nditamasula kunyumba ndinapeza khungwa lomwelo pansi ndi pamwamba. Kubwerera mawa lake munthu kulibe.

Wa_Thambani
Zimachitika mayi. Pogula muziyang'ana tsinde. Pa mbande yoona, mutu umatuluka cham'mbali, pamakhala kokhota, ndipo pambali pake pamaoneka pamene anadula ndimu. Pulasitiki payokha si umboni.

KwaNeno
Ine nditsutsako pang'ono. Mukuyankhula ngati mtengo wofesa ndi wachabe. Manachesi a agogo anga ku Neno onse anali ofesa, njere zolavula pakhomo, palibe anagwirapo lezala. Ena alipo mpaka lero, anabzalidwa ine ndisanabadwe, ndipo amadzadza madengu. Omezanitsa anu aja ndaona ena akufa asanafike zaka 15. Zachizungu zimenezi zimafulumira kubwera, zimafulumiranso kupita.

MlangiziWopuma
A KwaNeno, simukunama konse, koma mwasiya theka lina. Mitengo ya mtundu wa malalanje ili ndi khalidwe lachilendo. Njere imodzi imatha kumera mbande ziwiri kapena zitatu, ndipo zambiri mwa izo zimakhala chimodzimodzi mayi wake. N'chifukwa chake nachesi wofesa nthawi zambiri amabereka nachesi wokoma yemweyo, pamene peyala lofesa limatha kukupatsa zina zosayembekezeka. Vuto lake ndi nthawi. Wofesa amadya zaka 6, 8, nthawi zina 10 asanaonetse duwa, amatalika kwambiri ndipo amakhala ndi minga. Womezanitsa amayamba pa zaka 3 kapena 4, chifukwa diso limatengedwa ku mtengo wokhwima kale, umene unayamba kubereka. Agogo anu anali ndi malo ndi nthawi. Munthu wa pa puloti ya m'tauni, mwinanso wa lendi, sangadikire zaka 10.

Za kufa msanga, ndaona kambirimbiri kuti wopha mtengo ndi wobzala. Amakumba dzenje lakuya, n'kukwirira chipsera chija m'dothi. Mtengo wotero umaola pa tsinde. Chipsera chiyenera kukhala pamtunda, chikhatho chathunthu kuchokera pa dothi, ndipo chizioneka moyo wonse wa mtengo.

KwaNeno
Pa lendi pokha ndavomera. Koma kukoma, wofesa sangafanane ndi womezanitsa. Ameneyu khungu kukhuthala, madzi kuchuluka, shuga kuchepa.

MlangiziWopuma
Pamenepo mwakhoza. Ndimu wokhakhala ngati tsinde amapatsa zipatso zikuluzikulu koma zosatsekemera kwenikweni. Alipo matsinde ena amene amakometsa chipatso, kungoti a nazale zathu zing'onozing'ono amakonda ndimu chifukwa njere zake sizisowa ndipo zimamera mosavuta.

Mphwanga77
Akuluakulu, funso. Ngati uli ndimu, bwanji osabereka mandimuwo? Zaka 7 si masewera.

MlangiziWopuma
Funso labwino mphwanga. Werengani uthenga woyamba uja. Mtengo uli pafupi ndi bafa, ukumwa tsiku ndi tsiku, ukudya zitosi za nkhuku, pamwamba pake yuriya. Zonsezo ndi chakudya cha masamba. Mitengo imeneyi imachita maluwa ikamva kuzizira kwa Juni ndi Julayi kapena ikakhala ndi ludzu kwa masabata angapo, kenako n'kulandira madzi. N'chifukwa chake kumudzi, kumene sathirira, maluwa amabwera mvula zoyamba zikagwa. Uwu sunamvepo ludzu. Onjezerani kuti mbuzi zinaubweza pa chiyambi mu 2019. Komanso ngati mayi amaudula nsonga kuti usatalike, akuuchedwetsa okha, chifukwa pa mtengo wofesa maluwa oyamba amatulukira kunsonga kwenikweni, ku nthambi zakumwamba.

NaBanda_Lunzu
Bambo a kunyumba amausadza chaka chilichonse kuti usakhudze malata. Ndiye kuti tonse m'nyumba muno tili ndi mlandu.

Chatsalira
Msomali ukanathetsa zonsezi.

MlangiziWopuma
A Chatsalira, ndikupatsani kanu. Mtengo ukavulazidwa pa khungwa, chakudya chochokera m'masamba chimachedwa kutsikira ku mizu, chimaunjikana kumtunda, ndiye nthawi zina umachita maluwa. Alimi akuluakulu amatero mwadala, amazunguliza mpeni kamodzi pa khungwa la nthambi, osafika pa thima. Ndiye agogo anu sanali openga. Koma chitsulocho pachokha sichidyetsa mtengo, ndipo bala la pa tsinde la ndimu ndi khomo la matenda oola. Komanso msomali sungasandutse ndimu kukhala nachesi.

Chatsalira
Bola mwavomera kuti agogo sanali openga. Zinazo n'zanu.

Dalitso_wa_Dedza
Nanga timatuza ta pa masamba? Palibe wayankha. Kuno ku Dedza mandimu onse ali choncho, tinangozolowera.

Wa_Thambani
Tembenuzani tsamba lanthete muone kunsi. Pa katuza kalikonse pali kadzenje, ndipo m'kadzenjemo mumakhala kachilombo kakang'ono kaphwatalala kakuyamwa. Kakakula kamamera mapiko n'kumadumpha. Masamba akale mupeza maenje okhaokha, eni ake anachoka kalekale, ndiye kupopera pamenepo n'kutaya ndalama. Tizilomboti timakonda malo ozizira ndi achinyontho, n'chifukwa chake kwanuko ndi ku Thyolo n'tochuluka, pamene ku Chikwawa kutentha kumatipha.

MlangiziWopuma
Matuzawo paokha sapha mtengo, amangonyansitsa. Choopsa n'chimene kachilomboka kamanyamula. Pali matenda amene pa Chingerezi amati greening, anadziwika ku South Africa kuyambira m'ma 1920. Kachilombo kakayamwa mtengo wodwala n'kupita pa wabwino, kapatsira. Mtengo umayamba nthambi imodzi kuchita chikasu zinzake zili zobiriwira. Tsamba limachita mawangamawanga osalingana, mbali iyi ya mtsempha wapakati ikusiyana ndi mbali inayo. Zipatso zimakhala zazing'ono, zopendekeka, zowawa, njere zofota, ndipo mbali ina imakana kupsa. Mankhwala ake kulibe. Nthambi yodwala umadula ukaiona msanga, zikafalikira umazula mtengo wonse.

Koma musathamangire kuzula mukangoona chikasu. Mtengo wosowa zinki nawo umachita mawanga, kusiyana kwake n'koti mawangawo amalingana mbali zonse ziwiri za tsamba, mitsempha n'kukhala yobiriwira. Pindani tsamba pakati muyerekeze.

Dalitso_wa_Dedza
Ndapinda atatu. Akulingana. Ndapuma.

Nachisale_Leeds
Ndikuwerenga ndili kuno misozi ili m'maso. Ine ndili ndi kamtengo ka ndimu mu mphika wa maluwa, ndinagula kuno. Chilimwe ndimakatulutsa panja, Okutobala ndimakalowetsa m'nyumba chifukwa chisanu cha kuno chingakaphe. Kakangolowa, masamba amayamba kuyoyoka chifukwa cha mpweya wouma wa hita ndi kuchepa kwa dzuwa. Chaka chatha kanabereka mandimu 4. Ndinawajambula ngati ana obadwa kumene. Inu muli ndi mtengo woposa khitchini mukufuna kudula?

Joni_Boy
Achemwali musalire, Disembala ikubwera. Kuno ku Joni manachesi ndi mbwee nthawi yozizira, amawatcha naartjie, ndiye nditangofika ndinadabwa kuti aa, dzina lathu lija. Kenako ndinamva kuti ndife tinatengera kwa iwo, ndi mawu a Chiafrikaans. Koma a kuno ngakhale ali ofiira bwino, opanda njere, sandifika pamtima ngati a pa Mwanza ogula pa windo la basi.

Mai_a_Tadala
Ofiirawo amawapaka mankhwala eti? Athu amakhala obiriwira pena.

MlangiziWopuma
Mtundu umabwera ndi kuzizira kwa usiku mayi. Kumalo otentha chipatso chimapsa m'kati khungu lili lobiriwira. Lalanje la ku Nsanje likhoza kukhala lotsekemera lili biriwiri. Ndipo dziwani kuti malalanje ndi manachesi sapsa akathyoledwa, si nthochi kapena mango zoti mungavundike. Mukathyola owawasa akhala owawasa mpaka aole. Kulawa ndiye muyeso.

Wa_Thambani
Zimenezo mukawauze mavenda. Amabwera mu Epulo zipatso zisanakhwime, kugula mtengo wonse pamtengo wolira, n'kugwedeza. Mlimi poti akufuna ya fizi ya teremu yachitatu amalola. Pofika Juni ndi Julayi, pamene nachesi wafika pokoma, aliyense ali nawo, mtengo wogulitsira wagwa, milu ikuolera m'mbali mwa msewu. Chaka chilichonse nyimbo yomweyo.

KwaNeno
Inu bola muli pa tala wopita ku Zobue. Ife kumtunda kuno msewu ukavuta, galimoto imabwera imodzi, mwini wake ndiye amatchula mtengo. Ukakana udya wekha.

Joni_Boy
Fakitale ya juwisi tinayamba kuimva tili ana.

Mphwanga77
Ayi musayambe ndale, gulu lino linatsala pang'ono kutha nthawi ija.

GogoWaMbuzi
Ine ndabwera mochedwa koma ndaona mbuzi zikunyozedwa. Chilimwe mbuzi zimamasulidwa, ndi mwambo, aliyense amadziwa. Wobzala mtengo ndiye amange khola la mtengo wake. Njerwa zosweka, nsungwi, minga ya mthethe, zilipo zambiri. Mbuzi ilibe mlandu.

NaBanda_Lunzu
Agogo, ulemu wanu, koma kuno si kumudzi kwenikweni. Mpanda ndinali nawo wa udzu, zinaboola. Nditapita kukadandaula anandiyankha kuti kamtengo kokhako? Sitinayankhulane miyezi itatu.

GogoWaMbuzi
Mpanda wa udzu kwa mbuzi ndi ndiwo, mwanawe.

Mai_a_Tadala
Kkkkk agogo atipha. Koma kunena zoona kwathu akuba ndi ana a sukulu, osati mbuzi. Gwafa wanga sindinalawepo lakupsa.

Admin_Zamasamba
Abale, tibwerere kwa mayi a ku Lunzu. Adule kapena asadule?

Nachisale_Leeds
Asadule. Mandimu ndi ndalama. Mwaiwala Januwale 2021, Covid itavuta, anthu akusakasaka mandimu ndi jinja? Amayi anga ankandiimbira kuti ndimu limodzi lafika mtengo wa mulu wonse. Komanso pa nsomba, pa tiyi, pa chimfine, ndimu sasowa ntchito pakhomo.

NaBanda_Lunzu
Zoona achemwali, koma mtima wanga unali pa nachesi. Ndinabzala chaka chimene mwana wanga womaliza anabadwa, ndinkati azidzakula akudya zapakhomo.

Wa_Thambani
Ndiye mverani mayi, chifukwa simunataye chilichonse. Muli ndi chinthu chimene wogula mbande lero alibe, mizu ya zaka 7 yokhazikika. Mtengo umenewo tikhoza kuumezanitsanso pomwepo. Ndachitapo kangapo pa mandimu akale a kwathu.

Musankhe nthambi zikuluzikulu zitatu kapena zinayi zoyang'ana mbali zosiyana, muzidule ndi sowo pa msinkhu wa m'chiuno kapena pachifuwa. Imodzi muisiye ndi masamba ake kuti izidyetsa mizu. Tsinde ndi zitsa muzipake laimu wosungunula, uja wopaka nyumba, chifukwa khungwa lozolowera mthunzi likakumana ndi dzuwa la Okutobala limapsa n'kusweka. Pakapita masabata angapo zitsa ziphuka mphukira zambirimbiri. Musiye ziwiri zamphamvu pa chitsa chilichonse, zina zonse thyolani. Zikanenepa ngati pensulo ndiye nthawi yoika maso.

Kuika diso si ufiti. Mpeni wakuthwa kwambiri kapena lezala latsopano. Mumacheka khungwa la mphukira ngati chilembo T, nthawi ya mvula ndi bwino T wozondoka kuti madzi asalowe. Pa kanthambi ka nachesi mumasenga diso limodzi, lija lili pamene tsamba limalumikizana ndi nthambi, pamodzi ndi kachikopa kake. Osaligwira ndi zala kumene mwachekako. Mumalilowetsa pansi pa khungwa, diso loyang'ana kumwamba, n'kumanga zolimba ndi kachingwe ka pulasitiki, ngakhale kodula ku jumbo ya shuga. Pakatha masabata atatu mumamasula. Likakhala lobiriwira lagwira, likada lafa, mumayesanso pena. Logwiralo mumadula mphukira pamwamba pake kuti mphamvu yonse ipite ku diso. Ntchitoyi imatheka pokhapokha khungwa likusendeka mosavuta, ndiye kuti mtengo uli ndi madzi ndipo ukukula.

Pa mizu ngati yanuyo, chaka chachiwiri mukhoza kuona maluwa.

Mphwanga77
Ndiye munthu akhoza kuika nachesi nthambi iyi, lalanje nthambi iyo?

Wa_Thambani
Kwambiri. Ndili nawo wotero pakhomo, alendo amaima n'kumaloza. Koma umafuna diso la mwini, chifukwa nthambi yamphamvu imapondereza inzake. Nthambi ya ndimu imene mwasiya ija ndiye yoyenera kuiyang'anira kwambiri. Manachesi akakula mumaichotsa, kapena mumaidulira chaka ndi chaka kuti ikhale yaifupi.

NaBanda_Lunzu
Ndiisunga imeneyo, a Nachisale asandidandaule.

MlangiziWopuma
Chenjezo limodzi pa maso amenewo. Matenda ndinatchula aja amayendanso ndi timitengo tomezanitsira. Mukatenga diso pa mtengo wodwala mwadzibweretsera nokha. Tengani pa mtengo umene mwauona ukubereka bwino zaka zingapo, masamba ake obiriwira mofanana, kapena funsani alangizi a kwanuko. Ku Bvumbwe ku Thyolo kuli malo a kafukufuku a boma amene ntchito yawo yaikulu ndi zipatso ndi masamba, kuchokera ku Lunzu si kutali. Mpeni muziupukuta ndi jiki wosungunula mukachoka pa mtengo wina kupita pa wina.

Bambo_a_Chisomo
Pepani kulowerera, poti akatswiri muli pompano. Lalanje langa ku Chilobwe linayamba kutuluka utomoni pa tsinde chipitireni Freddy mu Malichi 2023. Khungwa likusweka m'munsi, masamba achikasu, koma chaka chino labereka kuposa kale lonse. Ndiye kuti lachira?

MlangiziWopuma
Ayi bambo, pepani. Mtengo umene khungwa laola kuzungulira tsinde umabereka kwambiri usanafe, n'chimodzimodzi zija ndimauza a Chatsalira. Madzi ndi matope zinakhalitsa pa tsinde. Fukulani dothi limene linaunjikana mpaka mizu yoyamba ionekere. Palani khungwa loolalo ndi mpeni kufikira pabwino, mupake mankhwala a kopa aja timapopera tomato, muwasiye pouma. Ngati bala silinazungulire theka la tsinde, mwayi ulipo. Ndipo nonse amene mumakumba beseni lothirira, madzi asamakhudze tsinde. Mizu yomwa madzi ili kunja, pansi pa nsonga za nthambi, pamene mthunzi umathera. Manyowa ndi feteleza ziziikidwa kumeneko. Zophimbira nazo zitalikire tsinde ndi chikhatho chimodzi, apo ayi mukuitana chiswe ndi kuola.

Bambo_a_Chisomo
Ine ndimaunjikira dothi pa tsinde ngati chimanga.

Wa_Thambani
Ambiri amatero. Nachesi sabandira. Ndipo khasu lisamalowe pansi pa mtengo, mizu yake ili pamwamba penipeni. Udzu muzizula ndi manja.

Mai_a_Tadala
Ine langa ndi nyerere. Zikukwera ndi kutsika tsiku lonse, masamba akuda bii ngati apakidwa mwaye.

KwaNeno
Nyererezo ndi abusa mayi. Zikuweta nsabwe. Onani ku nsonga zanthete mupeza tinsabwe takuda kapena tobiriwira, kapena tina tokhala ngati nkhanambo tomamatira pa nthambi. Timatulutsa madzi otsekemera, nyerere zimamwa, otsala amagwera pa masamba n'kumera nkhungu yakudayo. Ine ndimasungunula sopo wochapira mbale pang'ono mu ndowa, n'kupopera madzulo dzuwa litapepa, kunsi kwa masamba. Ena amaviika masamba a nimu kapena ombwe usiku wonse. Nsabwe zikatha mwayewo umayoyoka wokha ndi mvula. Nthambi zokhudza pansi kapena mpanda muzidule, ndi milatho ya nyerere.

Mphwanga77
Nanga tija tooneka ngati zitosi za mbalame koma tikuyenda?

KwaNeno
Mbozi za gulugufe wamkulu uja wakuda wa madontho achikasu. Zikakula zimasanduka zobiriwira, ukazigwira zimatulutsa tinyanga tonunkha. Pa mtengo waukulu n'zosadetsa nkhawa, koma mbande zimaimaliza masiku awiri. Tolani ndi manja mupatse nkhuku, ngati zingalole.

Joni_Boy
Nkhuku za masiku ano zimasankha.

Dalitso_wa_Dedza
Popeza tafika pa tizilombo, manachesi a apongozi anga amagwa okha asanapse, ukatsegula muli mphutsi.

MlangiziWopuma
Kawirikawiri ndi ntchentche za zipatso. Zimaboola khungu n'kuikira mazira. Pali mtundu wina wochokera ku Asia umene unapezeka koyamba ku Kenya mu 2003 n'kufalikira mayiko ambiri a mu Africa, ndi womwewo umaononga mango. Mphutsi zikakhwima zimatuluka m'chipatso chakugwacho n'kulowa m'dothi, n'kudzatulukamo zili ntchentche. Ndiye chipatso chilichonse chosiyidwa pansi ndi nazale yake. Muzitola tsiku lililonse, kuika mu jumbo yakuda, kumanga, kusiya padzuwa masiku angapo, kapena kukwirira dzenje lakuya kuposa theka la mita. Chovuta n'choti aneba akapanda kutola, ntchentche sizidziwa malire.

GogoWaMbuzi
Mbuzi zikanatola zonsezo mukanazilola.

NaBanda_Lunzu
Ndabweranso. Madzulo ano ndinatenga kamtengo n'kufukula pansi pa tsinde monga ananenera a Wa_Thambani. Ndapeza kachitsa kouma kakang'ono ngati chala, kali ndi kachidutswa ka pulasitiki kokulungidwa, kokwiririka m'dothi. Mtengo wonsewu ukuchokera m'munsi mwake. Ndiye wogulitsa uja sananame, ndamunenera zoipa zaka zonsezi. Ndawaonetsa bambo a kunyumba, aseka mpaka kukhala pansi. Akuti papaya abzala kwina, ndipo sowo abwereka okha. Madzi a ku bafa tiwapatutsira ku nthochi.

MlangiziWopuma
Mwachita bwino kupatutsa, sopo wa ufa ali ndi mchere umene mitengo imeneyi imadana nawo. Koma mukadula muzithirira madzi abwino, ndowa ziwiri kapena zitatu pa sabata, kuti mphukira zituluke ndi mphamvu. Yuriya muyambe mwaisiya.

Wa_Thambani
Mukadula sabata ino, mphukira zidzakhala zitafika pofunika chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Nthawi imeneyo ndimabwera ku Blantyre pafupipafupi, ndipo minibasi ya ku Mwanza imadutsa pa Lunzu pomwepo. Ndidzakutengerani timitengo ta pa mtengo wa mayi anga, ndidzadula m'mawa womwewo n'kukulunga mu nsalu yonyowa. Mudzayambe mwayeserera pa nthambi zimene mudulezo, maso 20 kapena 30, dzanja lizolowere. Oyamba amafa ndithu.

Mai_a_Tadala
Mudzatenge ochuluka bambo, ine ndili pa Chirimba pompa.

Mphwanga77
Inenso awiri.

Wa_Thambani
Mphwanga, iwe uli ndi mtengo woti uikepo?

Mphwanga77
Ndifesa mawa.

Chatsalira
Mayi a ku Lunzu, pa nthambi ya ndimu mukusiyayo, tangoyesani msomali umodzi. Umodzi wokha. Mudzatiuze.

NaBanda_Lunzu
A Chatsalira, misomali yonse yapita ku mpanda. Wa malata ulendo uno.